Loboti Silingabwezeretse Magazi M'chifuwa Chimene Chinawotchedwa Kale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya maopaleshoni ochitidwa ndi loboti, imene masiku ano ikumveka kawirikawiri m'manyuzipepala, pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo pafupifupi nthawi zonse ikumveka mbali imodzi yokha, yoti mabala ake ndi aang'ono, ululu ndi wochepa, ndipo wodwala amatuluka m'chipatala msanga. Zonsezi n'zoona kwa anthu ambiri, ndipo cholinga changa si kuzitsutsa. Ndalemba chifukwa pali gulu lina la odwala limene mawu okomawa akhoza kulisocheretsa, ndilo la anthu amene apezeka ndi khansa ya m'mapapo pamene chifuwa chawo chinawotchedwapo kale ndi cheza cha radiotherapy, chithandizo chopha khansa ndi cheza champhamvu.

Ine sindine dokotala, ndipo ndi bwino ndineneretu zimenezi. Chimene chinandilowetsa m'nkhaniyi ndi mchemwali wanga wamkulu, amene anawotchedwa pachifuwa zaka zambiri zapitazo chifukwa cha khansa ya m'bere, nachira, nakhala bwinobwino mpaka tsiku limene sikani ya CT inaonetsa kanthu kena m'phapo la mbali yomwe anawotchedwayo. Tisanamve n'komwe kuti kanthuko n'chiyani, achibale ndi mabwenzi anali atayamba kale kutilangiza kuti tifufuze kumene kuli loboti, chifukwa, malinga ndi iwo, masiku ano khansa ya m'mapapo amangoisolola pa kabowo ngati munga wa kuphazi. M'miyezi yotsatira ndinakhala ndi mwayi womvetsera madokotala ake akufotokoza, ndinawerenga zimene ndikanatha kuwerenga, ndipo ndinazindikira kuti funso loti loboti lilipo kapena palibe linali lomaliza pa mafunso onse amene tinayenera kufunsa.

Dzinalo palokha limanamiza. Tikamva mawu oti loboti timaganiza za getsi la pamsewu limene limadzisinthira lokha, kapena za makina a m'mafilimu amene amayenda ndi kuganiza okha. Loboti la opaleshoni siliganiza kanthu ndipo silisuntha chala popanda munthu. Makina odziwika kwambiri, otchedwa da Vinci, amapangidwa ndi kampani ya Intuitive Surgical ya ku California, ndipo bungwe la FDA la ku America, limene limavomereza mankhwala ndi zida zachipatala, linawavomereza m'chaka cha 2000. Dokotala amakhala pampando m'chipinda chomwecho cha opaleshoni, koma potalikirako ndi wodwala, nkhope yake ili m'choonera ndipo zala zake zili m'zogwirira. Mikono ya makinawo imalowa m'chifuwa kudzera pa timabowo ta pakati pa nthiti, wina utanyamula kamera, ina itanyamula zida. Kamerayo imakulitsa zinthu mpaka maulendo 10 ndipo imaonetsa kuya kwake monga mmene maso awiri amaonera, zidazo zimapindika kunsonga ngati dzanja la munthu, ndipo kunjenjemera kwa manja a dokotala sikufika kwa wodwala. Ndi chida chabwino kwambiri, koma ndi chida basi.

Mbiri ya opaleshoni imeneyi imathandiza kuona pamene pagona nkhani. M'chaka cha 1933, ku St. Louis, Evarts Graham anachotsa phapo lonse la kumanzere la dokotala mnzake amene anali ndi khansa, ndipo wodwalayo anakhala ndi moyo zaka 30 pambuyo pake, mpaka Graham mwiniwake anatsogola kumwalira ndi khansa ya m'mapapo yomweyo mu 1957. Kwa zaka zambiri njira inali imodzi, yong'amba chifuwa m'mbali ndi kukanula nthiti. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera njira ya VATS, yogwiritsa ntchito kamera ndi zida zazitali zoongoka zimene dokotala amagwira ndi manja ake n'kulowetsa pa timabowo, ndipo mu 2002 Franca Melfi ndi anzake a ku Pisa, ku Italy, anafalitsa zotsatira za maopaleshoni oyambirira a m'chifuwa ochitidwa ndi loboti. Chimene chakhala chikusintha m'zaka zonsezi ndi khomo lolowera. Ntchito ya m'katimo ikadali yomweyo: kulekanitsa mitsempha ya magazi ya chigawo chodwala cha phapo, kuitseka ndi kuidula, kudula nthambi ya kholingo yopititsa mpweya m'chigawocho, ndiponso kuchotsa anabele ozungulira, amene khansa imakonda kufikako poyamba.

Tsono ntchito ya m'katimo ndi imene cheza chimaiumitsa. Pofuna kufika pa chotupa, cheza chimadutsa m'minofu yabwinobwino ndipo chimasiya phazi lake. M'miyezi yoyambirira, makamaka kuyambira mwezi woyamba mpaka wachisanu ndi chimodzi, phapo likhoza kutupa, munthu n'kumatsokomola ndi kubanika. Kutupako kukatha, m'malo mwake mumalowa chipsera cholimba chimene chimapitiriza kukhwima kwa chaka kapena ziwiri, ndipo sichibwerera m'mbuyo. Choopsa kwambiri sichioneka ndi maso: timitsempha ting'onoting'ono todyetsa minofu timakhuthala m'kati, n'kuchepa mpata, ena n'kutsekeratu, kotero kuti mnofu wowotchedwa umakhala ndi magazi ongokwanira kuti usafe, koma osakwanira kuti upole bwino ukadulidwa. M'chifuwa chimene sichinawotchedwepo, mtsempha, nthambi ya kholingo ndi anabele zimalekanitsidwa ndi kamnofu kofewa kamene kamatseguka mosavuta dokotala akangokankha pang'ono, ndipo iye amatsata mipata imeneyi ngati tinjira. M'chifuwa chowotchedwa tinjirato tafufutika. Pa tsinde la phapo, pamene zonsezi zimakumana, zimapezeka zitaumbika pamodzi kukhala chibuma chimodzi choyera ndi cholimba, moti pamene mtsempha ukuthera ndi pamene mwanabele akuyambira sipadziwika.

Apa ndiyenera kuchedwapo, chifukwa ndi pamene ife achibale tinasokonezeka kwambiri. Mawu oti munthu anawotchedwa pachifuwa satanthauza chinthu chimodzi. Mayi amene anawotchedwa chifukwa cha khansa ya m'bere ndi makina a masiku ano nthawi zambiri cheza chinangopyola chopendekera, n'kukhudza kachigawo ka kutsogolo kwa phapo, tsinde lake osalifika kwenikweni. Munthu amene analandira chithandizo cha SBRT, chimene chimalunjikitsa cheza champhamvu pa kachotupa kakang'ono maulendo ochepa chabe, kawirikawiri 3 mpaka 8, akhoza kukhala ndi phapo lomatirira ku nthiti pamalo pamenepo, koma ngati chotupacho chinali m'mphepete, tsinde limakhala lofewabe. Ndi osiyana kwambiri ndi munthu amene anadwala Hodgkin lymphoma, khansa ya anabele, ali wachinyamata m'zaka za m'ma 1960 mpaka 1980, pamene madokotala ankawotcha khosi, m'khwapa ndi pakati ponse pa chifuwa pamodzi, pa mlingo wa cha m'ma 40 Gy (Gy ndi muyeso wa kuchuluka kwa cheza). Anthu amenewa anachira, ndipo chimenecho chinali chipambano chachikulu, koma patapita zaka makumi awiri kapena atatu ambiri akupezeka ndi matenda a mtima, ndipo khansa ya m'mapapo imawapeza mosavuta kuposa anthu ena, makamaka ngati ankasuta fodya. Ovuta kuposa onse ndi amene anali kale ndi khansa ya m'mapapo ya siteji 3, imene yakula m'chifuwa koma sinafalikire kutali, nalandira chemotherapy, mankhwala opha khansa, pamodzi ndi cheza chokwana 60 Gy kapena kupitirira, choperekedwa kwa milungu pafupifupi 6 molunjika pa tsinde penipenipo, kenako matendawo n'kubukanso pamalo omwewo. Opaleshoni ya anthu oterewa madokotala amaitcha salvage, kutanthauza kupulumutsa chimene chingapulumuke njira yoyamba italephera. Nthawi nayonso ili ndi mbali yake: pamene cheza chaperekedwa dala ngati kukonzekera opaleshoni, madokotala amayesetsa kulowa pakangopita milungu 4 mpaka 8, chipsera chisanakhwime, pamene wodwala wa salvage amabwera patapita miyezi yambiri kapena zaka, chibuma chija chitauma kale.

Sindikukana kuti pa chibuma choterocho loboti lili ndi phindu lenileni. Pamene tinjira tafufutika, dokotala sangakankhe, ayenera kudula pang'onopang'ono ndi kalumo, akutsata khungu la mtsempha mosaphonya, ndipo pa ntchito yotere kuona chinthu chitakula maulendo 10 ndiponso kukhala ndi chida chopindika kunsonga n'kothandiza kuposa zida zoongoka za VATS. Kumasula phapo lomatirira pamwamba penipeni pa chifuwa, kumene dzanja silifika bwino ngakhale chifuwa chitang'ambidwa, kumaphweka ndi kamera yotha kuzungulira. Kusoka nakonso n'kosavuta ndi loboti. Ndipo kwa munthu amene mapapo ake ndi ofooka kale, kusakanula nthiti si nkhani ya maonekedwe a bala ayi: munthu amene sakumva ululu wambiri amatha kupuma mozama, kutsokomola ndi kudzuka n'kuyenda, ndipo zimenezi n'zimene zimamuteteza ku chibayo m'masiku oyambirira.

Koma taonani mbali inayo. Mtsempha waukulu wopititsa magazi ku phapo uli ndi khungu lopyapyala kwambiri poyerekeza ndi mitsempha ina yaikulu, ndipo magazi onse amene mtima ukupopa amadutsa m'mapapo. Ukang'ambika, chifuwa chimadzaza m'kanthawi kochepa. Dokotala amene dzanja lake lili m'chifuwa amamva ndi zala kuti apa palimba, apa mtsempha wakokeka mopitirira, ndipo ngozi ikachitika amatsina pomwepo. Makina a loboti amene zipatala zambiri zili nawo sapereka kumva kumeneku. Dokotala amaweruza mphamvu yake ndi maso okha, poona mmene mnofu ukutambasukira. Ndi mu 2024 mokha pamene mtundu watsopano, da Vinci 5, unavomerezedwa uli ndi zida zobwezera kumva kwina ku zala za dokotala. Kuwonjezera apo, dokotalayo ali pampando, sanavale zovala ndi magolovesi ogwirira wodwala, ndipo mikono ya makina yatchinga chifuwa. Magazi akatumphuka, wothandizira amene waima pambali pa wodwala ayenera kupanikiza pamalopo ndi kansalu, ena achotse makina, mwini opaleshoni avale ndi kung'amba chifuwa, zonsezi mwadongosolo ndiponso mopanda chipwirikiti. N'chifukwa chake magulu odziwa ntchito amayeserera zimenezi kawirikawiri ngakhale pasanachitike ngozi, amaika zida zong'ambira pafupi asanayambe, ndipo pa chifuwa chowotchedwa ambiri amayamba ndi kukoleka kalamba kuzungulira mtsempha waukulu kufupi ndi mtima, nthawi zina atatsegula thumba la mtima, kumene cheza sichinaumitse kwambiri, kuti akhale ndi potsekera zinthu zikavuta.

Pa chifukwa chimenechi ndimadandaula ndikamva anthu akunena kuti opaleshoni inalephereka chifukwa anayamba ndi loboti koma anamaliza ndi kung'amba. Kumeneko si kulephera. Dokotala amene waona kuti tsinde laumbika mopitirira, n'kusankha kutsegula chifuwa magazi asanatayike, wachita chinthu chanzeru kuposa amene akukakamira timabowo pofuna kusunga mbiri yake kapena ya chipatala chake. Wodwala amene anawotchedwapo ayenera kuuzidwa asanagonekedwe tulo kuti akhoza kudzuka ndi bala lalikulu, ndipo ngati dokotala walonjeza mwamtheradi kuti zimenezi sizingachitike, ine ndikanakhala wodwalayo ndikanayamba kukayika.

Vuto limene limandiopsa kuposa magazi silioneka pa tsiku la opaleshoni. Chigawo cha phapo chikachotsedwa, nthambi ya kholingo imene inkachidyetsa mpweya imadulidwa n'kutsekedwa ndi timawaya ta stepula kapena ndi ulusi, ndipo pamatsala chitsa. Timawayato timangogwirizira kwa kanthawi. Chimene chimatseka chitsacho mpaka kalekale ndi thupi lenilenilo, likamera mnofu watsopano, ndipo mnofu sumera popanda magazi. Chitsa chowotchedwa chikhoza kuoneka bwinobwino pa kamera, osatulutsa ngakhale thovu limodzi pochiyesa m'madzi, koma patapita mlungu umodzi, iwiri kapena kupitirira, n'kutseguka. Pamenepo pamakhala fisitula, bowo lolumikiza njira ya mpweya ndi mphanga ya chifuwa: tizilombo timalowa, mafinya amasonkhana, ndipo madzi oipawo akhoza kubwerera m'phapo lotsalalo, limene moyo wonse wa munthuyo watsamirapo. Kuchiza kwake kumatenga miyezi, nthawi zina ndi maopaleshoni angapo, ndipo ena sapulumuka. Loboti lingasoke mokongola chotani, silingabwezeretse magazi m'timitsempha timene tinatseka zaka khumi zapitazo. Chimene madokotala amachita ndi kubwereka magazi kwina: amasenda mnofu wa pakati pa nthiti uli ndi mtsempha wake, kapena mafuta okuta thumba la mtima, kapena mnofu waukulu wa kumsana, ngakhale nsalu ya mafuta ya m'mimba, n'kuphimba nayo chitsacho. Zina mwa izi zimatheka ndi loboti lomwelo, zina zimafuna bala lina. Chofunika n'chakuti mnofu wobwerekawo uchokere kumene cheza sichinafike, apo ayi ndiye kuti tikuphimba nsanza ndi nsanza inzake.

Kukula kwa chimene chachotsedwa kumalemera kuposa njira imene achichotsera. Kafukufuku wina wamkulu wa ku North America, wotchedwa INT 0139, amene Kathy Albain ndi anzake anafalitsa mu 2009, anatsata odwala a siteji 3 amene analandira chemotherapy ndi cheza cha 45 Gy kenako n'kuchitidwa opaleshoni. Mwa amene anachotsedwa phapo lonse, 26 pa 100 alionse anamwalira chifukwa cha chithandizocho, pamene mwa amene anachotsedwa chigawo chimodzi chokha imfa zinali pafupifupi 1 pa 100. Kuyambira nthawi imeneyo chisamaliro chapita patsogolo, koma phunziro lake silinasinthe, ndipo madokotala amayesetsa kupewa kuchotsa phapo lonse pa munthu wowotchedwa, makamaka la kumanja, limene chitsa chake chimatsala pamtunda ndipo nthawi zambiri chimadyetsedwa ndi mtsempha umodzi wokha. Vuto n'lakuti tsinde loumbika nthawi zina silipereka mwayi wosankha: dokotala analowa kukachotsa chigawo, n'kupeza kuti sangachilekanitse popanda kutenga phapo lonse. Wodwala ndi dokotala ayenera kugwirizana pasadakhale kuti zikafika pamenepo achite chiyani, kupitiriza kapena kubwerera, chifukwa pa nthawiyo wodwalayo adzakhala ali m'tulo.

Ndiye palinso munthu mwiniwakeyo, amene si chotupa chokha. Pa opaleshoni iliyonse yotere, ya loboti kapena yong'amba, phapo lodwala limaphwetsedwa ndipo munthu amapumira phapo limodzi kwa maola angapo. Ngati linalo linakhudzidwanso ndi cheza, kapena linaonongeka ndi fodya, timabowo tating'ono sitithandiza kanthu pamenepa. Asanaganize n'komwe za chida, madokotala amayeza FEV1, umene ndi mpweya womwe munthu angauzire kunja mwamphamvu pa sekondi imodzi, ndi DLCO, imene imaonetsa mmene mpweya ukudutsira kuchoka m'phapo kulowa m'magazi, ndipo muyeso wachiwiriwu ndi umene cheza chimakonda kuutsitsa ngakhale woyambawo ukuoneka bwino. Kenako amawerengera zimene zidzatsale chigawocho chikachoka. Malangizo a bungwe la American College of Chest Physicians a 2013 amati ngati zonse ziwiri zidzatsala pamwamba pa 60 peresenti, chiopsezo n'chochepa. Zikakhala pakati pa 30 ndi 60, munthuyo ayesedwe pokwera masitepe kapena poyenda, ndipo wokwera mamita 22 kapena woyenda mamita 400 amaonedwa kuti ali ndi mphamvu zokwanira. Zikatsika pansi pa 30, pamafunika kuyeza kozama kwa mtima ndi mapapo pamodzi, munthu akupalasa njinga ya m'chipatala. Mtima nawo suyenera kuiwalidwa. Sarah Darby wa ku Oxford ndi anzake anaonetsa mu 2013, potsata amayi a ku Sweden ndi Denmark amene anawotchedwa chifukwa cha khansa ya m'bere, kuti chiopsezo cha matenda aakulu a mitsempha ya mtima chimakwera ndi 7.4 peresenti pa Gy iliyonse imene mtima unalandira. Mankhwala akale nawonso amatsata munthu: doxorubicin imafooketsa mtima, bleomycin, imene ambiri a Hodgkin analandira, imachititsa dokotala wogonetsa kusamala ndi kuchuluka kwa okosijeni amene akupereka, ndipo ma steroid operekedwa pochiza kutupa kwa phapo amachedwetsa kupola kwa mabala.

Wina angafunse kuti kodi kafukufuku sanatsimikizire kale kuti njira ya timabowo ndi yabwino. Anatsimikizira, koma pa anthu ena. Kafukufuku wa VIOLET wa ku Britain, wa odwala 503, anaonetsa kuti ochitidwa VATS amapeza mphamvu msanga kuposa ong'ambidwa. Wa RVlob wa ku Shanghai anayerekeza loboti ndi VATS, napeza kuti pa masiku ogona m'chipatala ndi mavuto otsatira opaleshoni sizisiyana kwenikweni, ngakhale kuti loboti linachotsa anabele ochulukirapo. Koma odwala a m'kafukufuku wotere ndi a khansa yongoyamba kumene, oti opaleshoni ndiyo chithandizo chawo choyamba. Zimene zalembedwa pa loboti m'chifuwa chowotchedwa kwambiri zimachokera ku zipatala zazikulu zochepa, zofotokoza odwala ochepa amene anasankhidwa mosamala ndi madokotala oti achita kale maopaleshoni ambirimbiri osavuta. Zotsatira zawo n'zolimbikitsa, ndipo zimatiuza kuti chinthuchi n'chotheka m'manja oyenera. Sizitiuza kuti chipatala chilichonse chimene chagula makinawa chaka chatha chingachite chimodzimodzi, ndiponso sizitiuza za odwala amene anakanidwa pakhomo, chifukwa amenewo salowa m'mawerengero.

Ndisamveke ngati ndikuuza anthu owotchedwa kuti athawe opaleshoni. Kulakwitsa kwinako n'koopsanso chimodzimodzi, kumene munthu amauzidwa mwachidule kuti popeza munawotchedwa kale palibenso chochita. Kwa munthu amene khansa yabwerera pamalo amodzi okha, osafalikira kwina, kuichotsa kukhoza kukhala mwayi wokhawo wotsala wochiriratu, chifukwa kuwotchanso malo omwewo kuli ndi malire: mtsempha wa msana, kummero, mtima ndi nthambi zazikulu za kholingo zimakumbukira cheza chimene zinalandira kale, ndipo chotupa chimene chili pafupi ndi nthambizo n'choopsa kuchiwotcha mwamphamvu. Anthu oterewa akuchuluka, chifukwa chithandizo chikuwasunga ndi moyo nthawi yaitali. Kuyambira 2017, pamene kafukufuku wa PACIFIC anaonetsa phindu la mankhwala a durvalumab pambuyo pa chemotherapy ndi cheza, odwala ambiri a siteji 3 akukhala zaka zimene kale sakanafika, ngakhale kuti madokotala a opaleshoni amanena kuti mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi oterewa nawonso amalimbitsa tsinde la phapo. Komanso si aliyense amene ayenera kuchotsedwa chigawo chonse. Kafukufuku wa JCOG0802 wa ku Japan, wa 2022, ndi wa CALGB 140503, wa 2023, anaonetsa kuti pa chotupa cha m'mphepete chosapitirira masentimita 2, kuchotsa kachigawo kakang'ono kumathandiza mosachepera kuchotsa chigawo chonse, ndipo kwa munthu wa mapapo ofooka phapo lililonse lopulumutsidwa ndi mpweya wa mawa. Kwa ena njira yoyenera ndi kupha chotupacho ndi singano yotentha kapena yozizira kwambiri, kwa ena ndi mankhwala okha. Kusankha pakati pa zonsezi si ntchito ya dokotala mmodzi, ndipo kumafuna wa opaleshoni, wa cheza, wa mankhwala a khansa, wa mapapo, wowerenga masikani ndi wogonetsa atakhala pamodzi pa nkhani ya munthu mmodziyo.

Kwa mchemwali wanga, msonkhano wotere ndi umene unasintha zonse, chifukwa unayamba ndi funso limene ife sitinaliganizire n'komwe: kodi kanthuko ndi khansa? Chipsera cha cheza pa sikani chikhoza kufanana kwambiri ndi chotupa, ndipo ngakhale sikani ya PET, imene imawalitsa malo odya shuga wambiri, imawalanso pamene pali kutupa wamba. Dokotala wa cheza atayika mapu akale a malo owotchedwa pamwamba pa sikani yatsopano, anaona kuti kanthuko kagona m'mzere weniweni umene cheza chinadutsa. Anatengako kanyama ndi singano, ndipo munapezeka chipsera chokha. Popeza singano ikhoza kuphonya, akumuunikabe ndi sikani pa nthawi zoikika, ndipo tikudziwa kuti nkhani ya opaleshoni ikhoza kudzabweranso. Koma tikanatsata malangizo a mabwenzi aja, bwenzi titathamangira kukachotsetsa chigawo cha phapo chopanda mlandu.

Mapu akale aja anapezeka chifukwa mchemwali wangayo ndi munthu wosataya pepala. Ambiri amene anawotchedwa zaka 20 kapena 30 zapitazo amangokumbukira kuti anawotchedwa, osadziwa mbali yake yeniyeni, mlingo wake kapena mankhwala amene anatsagana nawo, pamene dokotala wa opaleshoni amafunika kudziwa zonsezi kuti aone ngati tsinde la phapo linali m'njira ya cheza, ndi mnofu uti umene ungabwerekedwe, komanso ngati mtima uyenera kuunikidwa mwapadera. Ndikupempha aliyense amene akumaliza radiotherapy kuti apemphe kalata yofotokoza malo, mlingo wa Gy, maulendo ndi madeti, aisunge ngati chiphaso, ndipo aitchule kwa dokotala aliyense amene angadzamuone pachifuwa ngakhale patapita zaka zambiri chotani. Amene amasuta asiye, chifukwa pa zinthu zonse zimene zimaononga chitsa chija ndi phapo lotsalalo, fodya ndi chokhacho chimene chili m'manja mwa wodwala.

Kwa inu, a Mkonzi, ndi atolankhani anu, pempho langa n'lakuti mukadzalembanso za makina amenewa, musalekere pa kukula kwa bala. Mufunse dokotalayo kuti ndi maopaleshoni angati a m'chifuwa chowotchedwa amene iye mwini wachitapo, osati chipatala chonse, ndi angati mwa amenewo amene anamaliza ndi kung'amba, chitsa amachiphimba ndi chiyani, ndani amaima pambali pa wodwala pamene iye ali pampando, ndipo ngati wodwalayo abwerera pa tsiku la khumi akutentha thupi ndi kutsokomola madzi, pakati pa usiku, adzamulandira ndani.

Ine wowerenga wanu wa nthawi zonse.